Ku Hwange boma lipulumutse anthu, osati dzina la kampani

Chaka chilichonse pa 6 June anthu amasonkhana ku Kamandama, m'tauni ya Hwange kumpoto chakumadzulo kwa Zimbabwe, kukumbukira amuna 427 amene anafa mu 1972 mgodi wa malasha wa Wankie Number 2 utaphulika (Wankie ndi dzina lakale la Hwange). Pafupifupi onse akadali pansi pomwepo, poti mgodiwo anautseka mitembo ili m'kati. Sanali a ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) okhaokha. Munali a ku Zambia, a ku Mozambique, a ku Tanzania, munalinso Amalawi, ena mwa aja amene kumudzi ankangoti "anapita ku Wanki" osamvekanso. Zidzukulu za anzawo amene anapulumuka zikadali komweko, ndipo Chinyanja chimamvekabe m'makomboni a tauniyo. N'chifukwa chake sindikudziona ngati wolowerera za eni ndikamaikapo mlomo pa mkangano umene wakhala ukubuka ku Zimbabwe kwa zaka zoposa khumi: kodi boma, lomwe lili ndi masheya pafupifupi 37 peresenti mu Hwange Colliery Company, lipitirize kuibereka kumsana kampaniyi mpaka idzayende yokha, kapena liitule?

Mbali yanga ndiinena pachiyambi pomwe kuti tisazungulirane. Boma lili ndi ngongole ku Hwange, koma ngongoleyo ndi ya kwa anthu, osati kwa kampani. Ndalama iliyonse ya msonkho yopita kumeneko iyambe yalipira malipiro ndi mapenshoni otsalira, ikonze madzi, chipatala ndi nyumba za m'tauni, izimitse moto umene ukunyeka pansi pa nthaka. Zokumba ndi kugulitsa malasha zikhale bizinesi ngati ina iliyonse: ipatsidwe tsiku loti pofika pamenepo ikhale itaima payokha, ikakanika igulitsidwe poyera kapena itsekedwe mwadongosolo. Chimene ndikukana ndi chimene chakhala chikuchitika, kugoneka wodwala m'chipatala chaka ndi chaka popanda dokotala wonena kuti atuluka liti, uku ana ake kunyumba akugona ndi njala.

Kuti timvane, tikumbutsane kaye mmene chimphonachi chinagwera. Malasha anayamba kukumbidwa ku Wankie kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, njanji itafika kuchokera ku Bulawayo, ndipo kwa nthawi yaitali mgodi unali m'manja mwa Anglo American. Boma linalowamo dziko litalandira ufulu mu 1980. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kampaniyi inkatulutsa matani oposa 5 miliyoni pachaka, ndipo chuma cha dziko chinkatsamira pa iyo: siteshoni ya magetsi ya Hwange, fakitale ya zitsulo ya Zisco ku Redcliff, alimi owotcha fodya m'mabalani, mafakitale a simenti. Koma taonani amene inkachita nawo malonda. Wogula wamkulu ndi kampani ya boma ya magetsi, imene kwa zaka zambiri yakhala ikugulitsa magetsi pa mtengo woikidwa ndi boma, motero nayonso imafuna malasha otchipa ndipo kulipira kwake n'kochedwa. Zisco, ya bomanso, inazimitsa ng'anjo zake mu 2008. Sitima zonyamula malasha ndi za National Railways of Zimbabwe, ya boma, imene mabogi ndi mainjini ake anakalamba osalowedwa m'malo. Ndiye mwini sitolo ndi yemweyo, wotenga katundu pangongole ndi yemweyo, woika mtengo ndi yemweyo, wonyamula katundu ndi yemweyo, wosankha abwana a sitoloyo ndi yemweyonso. Sitolo yotere ikagwa, palibe chifukwa chopitira kwa sing'anga kukaombeza.

Pamwamba pa izi panadza kukwera kwa mitengo koopsa kwa 2008, makina anayamba kufa osakonzedwa, ngongole zinaunjikana. Mu 2015 kampani inagula pangongole makina okumbira ndi zigalimoto zikuluzikulu kuchokera ku Belarus ndi ku India, kunachitika mwambo, akuluakulu analankhula, koma malasha sanatuluke monga analonjezera. Ogwira ntchito anayamba kukhala miyezi osalandira, miyezi inasanduka zaka. Mu January 2018 akazi awo, pamodzi ndi amasiye, anakamanga misasa pakhomo la maofesi a kampani nakhala pamenepo miyezi ingapo, mvula ikuwathera pathupi. Anapita azimayi chifukwa amuna akanachita zimenezo akanachotsedwa ntchito, ntchito yomweyo imene sinkawalipira. Mu October chaka chomwecho boma linaika kampaniyi m'manja mwa woyang'anira wapadera, pogwiritsa ntchito lamulo lokonzanso makampani okhala ndi ngongole ku boma. Bodi inalandidwa mphamvu, malonda a masheya ake anaimitsidwa, ndipo anthu anauzidwa kuti n'zongoyembekezera kampani ichire.

Otsutsana nane ali ndi mfundo zawo, ndipo yoyamba ndi yolemera: magetsi. Iwo amati dziko limene lafikapo pozimitsidwa magetsi maola 18 patsiku silingaseweretse mgodi wa malasha. Pa kukula kwa vutolo akunena zoona. Madzi a m'damu lopangira magetsi la Kariba akhala akuphwa mobwerezabwereza. Kumapeto kwa 2022 Zambezi River Authority, bungwe loyang'anira damulo, inauza mbali ya Zimbabwe kuti madzi ake a chakacho yamaliza kale, ndipo chilala cha 2024 chinabwerezanso pomwepo. Mayunitsi awiri atsopano a siteshoni ya magetsi ya Hwange, 7 ndi 8, amene anatsegulidwa mu 2023 ndi ngongole ya ku China, anawonjezera mamegawati 600 pa 920 akale, ndipo onsewo amadya malasha usana ndi usiku. Komabe apa pali zinthu ziwiri zimene zikuphatikizidwa ngati chimodzi. Siteshoni imafuna malasha. Siifuna chidindo cha Hwange Colliery pa malashawo. Pamene kampaniyi inkalephera, makampani ena monga Makomo Resources ndi Zambezi Gas anali akukumba m'dera lomwelo, ndipo gawo lalikulu la mpatawo anadzaza ndi iwo. Ngakhale m'kati mwa kampaniyo, ntchito yambiri yokumba pamtunda inaperekedwa kwa makontrakitala. Mwini chigayo akafuna dizilo safunsa kuti filingi sitesheni ndi ya yani, amafunsa ngati mafuta alipo ndiponso mtengo wake. Motero wodera nkhawa magetsi ayenera kulimbikira kuti kampani ya magetsi izilipira aliyense woigulitsa malasha pa nthawi yake ndi pa mtengo woona. Malashawo ali m'nthaka, sathawa mgodi ukasintha mwini.

Mfundo yachiwiri ndi imene imandigwira mtima, chifukwa ndi ya anthu eniake a ku Hwange. Amati kampani ikafa, tauni yafa. Ndipo munthu amene sanakhalepo m'tauni ya mgodi sangamve msanga tanthauzo la mawu amenewa. Mbali yaikulu ya Hwange inamangidwa ndi kampani ndipo ikadali m'manja mwa kampani: nyumba ndi zake, madzi a m'mipopi ndi ake, chipatala ndi chake, misewu, zimbudzi za m'makomboni, bwalo la mpira, ngakhale timu yosewera m'bwalomo inatchedwa dzina lake. Mwana amabadwira m'chipatala cha kampani, n'kukulira m'nyumba ya kampani, n'kudzalowa ntchito pomwe panatuluka bambo ake. Kwa munthu wotere, kunena kuti "kampani igulitsidwe" kuli ngati kunena kuti mudzi ugulitsidwe. Ndikumvetsa. Koma mantha amenewa ndi amene akutsimikiza mfundo yanga m'malo moigwetsa. Ngati madzi akumwa a tauni yonse amadalira mtengo wa malasha, ndiye kuti mtengowo ukatsika ana amamwa madzi a m'chithaphwi. Ngati nyumba ndi ya abwana, wopuma ntchito amene sanalandire zake sangadandaule mokweza, poti amene akumudandaulayo ndi amene angamutulutse m'nyumba. Ubale umenewu atsamunda anaukonza dala chomwecho kuti wantchito asamasunthe, ndipo n'zachisoni kuti zaka zoposa 40 chilandirire ufulu ukadali pomwepo. Chofunika n'kumasula tauni ku mgodi: madzi, misewu ndi zinyalala zipite ku khonsolo pamodzi ndi ndalama zoyendetsera, chipatala chilowe m'dongosolo la zaumoyo la dziko, nyumba zigulitsidwe kwa okhalamo, ndipo amene kampani ili nawo ngongole achotserepo ngongoleyo pa mtengo wa nyumba. Zikatero mgodi ukhoza kudwala kapena kusintha mwini, mpopi n'kumatulukabe madzi.

Za ntchito nazo tinene mosabisa. Ntchito imene munthu amadzukira m'bandakucha, kuvala chipewa cholimba, kupuma fumbi tsiku lonse, mwezi n'kutha osalandira, sitingaiwerengere pa ntchito zimene zapulumutsidwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Azimayi aja a mu 2018 sanagone panja chifukwa amuna awo anachotsedwa; anagona panja chifukwa amuna awo anasungidwa pa ntchito ya mphepo. Akanapatsidwa zawo zonse nthawi imodzi m'madola a America mu 2014, ena akanagula ng'ombe, ena akanatsegula okala, ena akanabwerera kwawo. Kuwasunga m'mabuku kunathandiza ziwerengero za andale, osati mapoto a m'makomboni.

Achitatu ndi amene amati ndachedwa nayo nkhaniyi, chifukwa mankhwala akugwira. Oyang'anira akhala akulengeza kuti malasha akutuluka ochuluka kuposa kale, malipiro akuperekedwa, ngongole zikuchepa. Sindikufuna kuwatsutsa pa zimenezo, ndipo ngati zili choncho ndi nkhani yabwino. Koma ndili ndi mayankho awiri. Loyamba, wodwala akachira amatulutsidwa. Ulamuliro wapaderawu unadutsa zaka zisanu ukupitirirabe, ndipo nthawi yonseyo eni masheya ena sangasankhe bodi, ofuna ndalama zawo sangaisumire kampani mwachisawawa, ndipo woyang'anira amayankha kwa nduna. Zimenezi zimakomera aliyense amene wagwira chiwongolero, choncho palibe amene amafulumira kuzithetsa. Zimbabwe inaziona kale. Lamulo lomweli linagwiritsidwa ntchito mu 2004 pa migodi ya asibesitosi ya Shabanie ndi Mashava, imene inalandidwa kwa Mutumwa Mawere poti ikakonzedwe. Patangopita zaka zochepa migodiyo inaima, ndipo ogwira ntchito a ku Zvishavane, tauni ya mgodi wa Shabanie, anakalamba akudikira zawo. Lachiwiri, tifunse kuti ngongole zinachepa bwanji. Mu February 2019 boma linalamula kuti ngongole za m'dziko zolembedwa m'madola a America zisanduke za ndalama yatsopano ya RTGS, dola imodzi pa imodzi, ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza izi mu January 2020 pa mlandu wokhudza Zambezi Gas yomwe ija. Ndalama yatsopanoyo inagwa mphamvu mofulumira, mpaka inadzalowedwa m'malo ndi ndalama ina yotchedwa ZiG mu April 2024. Ndiye taganizirani munthu amene anagwira ntchito mu 2015 atalonjezedwa madola enieni. M'buku la kampani iliyonse ya ku Zimbabwe ngongole yotere ikhoza kuoneka kuti inalipidwa mpaka senti yomaliza, pamene mwini wake analandira zosakwana kugulira matumba ochepa a ufa. Kampani yochira motere yachira ndi magazi a wina.

Achinayi amakweza mbendera. Amati malasha ndi chuma cha dziko, ndipo kugulitsa kampaniyi n'kupereka cholowa cha ana kwa alendo, makamaka makampani a ku China amene adzaza kale m'chigawocho. Nkhawa imeneyi sindingaiseke. Mu 2020 zinadziwika kuti makampani a ku China anapatsidwa zilolezo zofufuza malasha m'kati mwenimweni mwa Hwange National Park, ndipo boma linabweza maganizo anthu atachita phokoso. Anthu a ku Dinde, m'boma la Hwange lomweli, akhala akukana kusamutsidwa pa malo a makolo awo, ndipo okhala m'mbali mwa mtsinje wa Deka akhala akudandaula za madzi oipitsidwa ndi nsomba zakufa. Ife a kuno ku Malawi tilinso ndi zipsera zathu. Aliyense amene anaona mmene makampani ena a boma anagulitsidwira m'zaka za m'ma 1990 amadziwa kuti mawu oti "kugulitsa" nthawi zina amatanthauza kugawana. Koma tifunse: zonse ndatchulazi zachitika boma lili ndi masheya ake, kapena litawagulitsa? Zachitika lili nawo. Ndipo moto wa pansi pa nthaka, umene wawotcha mapazi ndi miyendo ya ana oyenda pa milu yakale ya zinyalala za malasha, uli pa malo a mgodi wakalewu, osati a alendo okha. Umwini wa boma sunateteze ana amenewo. Ndipotu umachepetsa chitetezo, chifukwa wapolisi sangamange sitolo imene iye ali ndi gawo. Bungwe loona za chilengedwe likalipiritsa chindapusa kampani imene boma likuisamala ngati khanda, ndalamayo imangochoka thumba lakumanja kupita lakumanzere, ngati yachoka n'komwe. Mphamvu yeniyeni ya dziko pa chuma chake ili mu chilolezo chimene lingathe kulanda, msonkho umene lingathe kutolera, ndi lamulo loti aliyense wokumba asungitse ndalama zokonzera malo asanakumbe dzenje loyamba. Zimenezi sizifuna masheya, zimafuna msana. Ndipo kugulitsa ndikunenaku ndi kwa masana, mtengo ndi wogula zitalengezedwa, nyumba ya malamulo itaona mapepala, osati kwa usiku.

Kumbali inayo kuli a zachilengedwe amene amati titseke zonse lero, poti malasha akutenthetsa dziko. Awa ndiwayankha mwachidule: Zimbabwe si imene inadzaza utsi m'mlengalenga, ndipo kuuza mayi wophika pa nkhuni ku Binga kuti adikire magetsi a dzuwa amene palibe wawalipirira n'chipongwe. Komabe ali ndi chimodzi chimene okonda mgodi safuna kumva. Ndalama zomangira zinthu za malasha zikuuma. Mu September 2021 pulezidenti wa China Xi Jinping analengeza ku United Nations kuti China siimanganso masiteshoni atsopano a malasha kunja, ndipo mapulani ngati omanga siteshoni ya malasha ku Sengwa, ku Zimbabwe komweko, anagwa mphwayi. Kwathu kuno siteshoni ya ku Kam'mwamba yakhala pa mapepala zaka zambirimbiri. Ku Moatize ku Mozambique, kampani ya ku Brazil ya Vale inagulitsa mgodi wake wa malasha n'kuchoka mu 2022. Malasha a ku Hwange adzagulidwabe kwa zaka zambiri, koma osati mpaka kalekale, ndipo nkhanga zinapangana kusanache.

Pali mayiko awiri amene anayenda kale njira imeneyi, ndipo kusiyana kwawo n'kophunzitsa. Germany inagwirizana mu 2007, boma, kampani ya migodi ya RAG ndi mabungwe a ogwira ntchito atakhala pamodzi, kuti thandizo la boma ku migodi ya malasha akuda lidzatha mu 2018. Tsiku litadziwika, aliyense anakonzeka: achikulire anapumitsidwa msanga ndi malipiro, achinyamata anaphunzitsidwa ntchito zina, ndipo panakhazikitsidwa thumba lapadera lopopera madzi m'migodi yakale mpaka muyaya. Pa 21 December 2018 mgodi womaliza, Prosper-Haniel ku Bottrop, unatsekedwa, ogwira ntchito n'kupereka chibulumwa chomaliza cha malasha kwa pulezidenti Frank-Walter Steinmeier. Poland inasankha kusintha mayina. Migodi yoluza inasonkhanitsidwa mu Kompania Węglowa mu 2003. Itatsala pang'ono kugwa, inasamutsidwira ku Polska Grupa Górnicza mu 2016 ndi ndalama za makampani ena a boma. Kenako mu 2021 anagwirizana kuti mgodi womaliza udzatsekedwe mu 2049, ndipo mpaka pano boma likuthiramo mabiliyoni a ndalama yawo chaka chilichonse. Wina anena kuti Germany ndi yolemera, Zimbabwe si yolemera. N'zoona, ndipo ndalama zimene Germany inawononga Zimbabwe singazilote. Koma chimene ndikutengapo pa chitsanzochi si kukula kwa thumba. Ndi kutchula tsiku, ndi kulemba kuti ndalama zikupita kwa munthu uti. Kutchula tsiku sikudya ndalama. Ndipo wosauka ndi amene sayenera n'komwe kuyenda njira ya Poland, poti dola iliyonse yothiridwa m'dzenje losadziwika kuya kwake yachotsedwa ku mankhwala a kuchipatala cha Mpilo ku Bulawayo kapena ku malipiro a mphunzitsi wa ku Lupane.

Ndiye poyambira pake si makina atsopano kapena mwambo wina wa akuluakulu. Boma litulutse mndandanda wa aliyense amene kampaniyi inali nayo ngongole ya malipiro kapena penshoni kuyambira 2013, dzina ndi dzina, ndalamayo italembedwa m'madola a America monga inalili tsiku limene munthuyo anaigwirira ntchito, pambali pake n'kulemba mphamvu yeniyeni ya zimene analandira. Kusiyana kwakeko kukhale ngongole yoyamba kulipidwa, kaya mgodi wagulitsidwa kaya wasungidwa, mabanki ndi eni masheya asanalawe kalikonse. Amasiye a ku Kamandama amene akadali moyo alembedwe pamwamba. Ndipo poti si onse anakhalira ku Hwange, mndandandawo utumizidwenso ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Tete, ukawerengedwe pa wailesi m'Chichewa, kuti mdzukulu wa ku Dedza kapena ku Katete akamva dzina la agogo ake adziwe ofesi yokagogoda.